Telala wa pa Meme Ija Ndi Adadi Anga

Anzanga, mnyamata ameneyu ndinayamba kudana naye ndisanamuone nkhope.

Tonse tinkalemba pa wiki ina yaing'ono, webusaiti yomwe aliyense angalembepo, yofotokoza ma meme, zithunzi zoseketsa zija za pa intaneti: komwe meme iliyonse inachokera, tanthauzo lake, ndi gulu loyenera kuiikamo. Ine dzina langa la pa wiki linali Singano. Iye lake linali Sefa, ndipo linkamukhala. Ukalemba tsamba, iye n'kubwera kudzalichotsa m'gulu lomwe waliika, n'kulembapo kuti "palibe umboni". Ndinkaganiza kuti ndi mdala wina wa mandala wopuma pa ntchito.

Loweruka lina olemba tonse tinakumana m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale, komwe soketi yogwira ntchito ndi imodzi basi. Foni yanga inali itatsala pang'ono kuzima. Mnyamata wina wamtali, wa shati yosita bwino, anazula chaja yake n'kundipatsa malo.

"Zikomo," ndinatero. "Bola inu. Akanakhala Sefa uja akanandifunsa umboni woti foni yatha moto."

Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Sefa wake ndine."

Manyazi ake, anzanga!!

Tsiku lomwelo anandiperekeza pa siteji. Basi zinadutsa zingapo ine ndikunamizira kuti zadzaza. Sabata yotsatira tinayamba kutumizirana ma meme, kenako ma voice note, kenako zija zoti "wadya?"

Munthuyu sankadziwa kunama. Nditamangitsa tsitsi latsopano ndinamufunsa kuti, "Landikhala?"

"Ayi," iye anatero. "Koma iweyo ndiwe wokongola."

Ndinakwiya, koma mumtima ndinati apa ndapeza munthu.

Kenako pa wiki panabuka mkangano. Ma meme okhala ndi nkhope za anthu wamba tiziwaika m'gulu liti? Ena ankafuna gulu lotchedwa "Anthu enieni", lokhala ndi dzina la munthuyo, ntchito yake ndi komwe amapezeka. Ine ndinkati ayi, tiziwagawa motengera nkhani yake, zantchito, zasukulu, zachikondi, popanda dzina la munthu. Sefa anali mbali ya mayina.

"Wiki ndi yosunga zoona, bae. Sitibisa zinthu."

Ine ndinali ndi chifukwa changa. Pali meme ija ya telala wagona pa makina, kukamwa kuli yasa, tepi ili m'khosi, pansi atalemba kuti "Ine Lolemba m'mawa". Mwina nanunso munaisekapo. Telala ameneyo ndi adadi anga.

Kasitomala wina anawajambula nthawi yomwe amayi anali m'chipatala, adadi akuchezera pa mpando wa pambali pa bedi, kukacha n'kubwera kudzasoka. Chithunzicho chitafala, adadi anachotsa makina pakhonde n'kuwalowetsa m'nyumba. Makasitomala anachepa. Chowatonthoza chinali chimodzi: kupatula aneba, palibe ankadziwa dzina lawo.

Ndinamuuza Sefa zonsezi titakhala pa benchi, ine ndikulira. Anandigwira dzanja.

"Pepa... sindinkadziwa."

Anafika mpaka kwathu. Adadi anamukonda, ankamutchula kuti "abwana a makompyuta", anamupindiranso thalauza lomwe linkakwekwereza pansi.

Sabata yovota inafika. Mbali yanga inkatsogola pang'ono. Koma pa wiki pathu pali lamulo loti ngati nkhani ikukukhudza iweyo kapena m'bale wako, uyenera kunena, ndipo suvota nawo. Ine sindinanene. Ndikananena bwanji?

M'mawa wa tsiku lomaliza ndinatsegula tsamba la zokambirana. Sefa anali atalemba:

"Voti ya Singano isawerengedwe. Telala wa pa meme ija ndi bambo ake."

Pa tsamba langa la pa wiki panali chithunzi changa ndi dzina langa lenileni. Pofika masana wina anali atafufuza kale, dzina la adadi lili pa tsamba la meme ija, ndi msewu wathu womwe.

Ndinamuimbira.

"Wachita chiyani iwe?!"

"Lamulo limati uzinena wekha. Ndinakudikira sabata yonse, sunanene."

"Ndinauza chibwenzi changa! Sindinauze wiki!"

"Ndikanabisa chifukwa choti ndimakukonda, ndikanawayang'ana bwanji anzathu? Sindinatchule dzina lawo ine..."

"Unangoloza chitseko, eti?"

Kenako ndinamva akulira. Dzinalo analichotsa yekha tsiku lomwelo, anapempha ma admin atseke tsambalo. Koma ma screenshot anali atayenda kale. Anthu ataona zomwe zachitika anavota kuti mayina a anthu wamba asamalembedwe. Ndinapambana, anzanga, koma kupambana kwake ndi kotani?

Mawa lake anyamata anafika pageti pathu, mafoni ali m'mwamba.

"Madala, tagonaninso pang'ono tijambule!"

Ndinalowa m'chipinda cha makina. Adadi anali akulimbana ndi ulusi, ukukana kulowa pa singano.

"Adadi, ndine ndinamuuza. Ndikhululukireni."

Sanandiyang'ane.

"Sunalakwe, mwana wanga. Munthu womukonda ukapanda kumuuza, ungauze ndani?" Anayesanso ulusi uja. "Tatseka katani, kuli anthu panja."

Akanangondikalipira bola.

Sefa amatumizabe ma text opepesa. Sindimuda, ndikudziwa kuti sanafune kupweteka munthu. Koma sindingabwerere, chifukwa nditamufunsa ngati angachitenso zomwezo, sanathe kundinamiza: anati eya.

Anzanga, ine ndinkaganiza kuti munthu wosanama ndiye woyenera kumukhulupirira. Kusanama ndi kwina, kusunga za mnzako ndi kwina. Adadi mpaka lero akusokera kumdima, katani ili yotseka, chifukwa cha ine.