Mjigo wathu ukutulutsa madzi ofunda

Mjigo wa m'mudzi mwathu kuno ku Mpingu ukutulutsa madzi ofunda, onunkha ngati mankhwala a chifuwa. Sabata yachitatu tsopano. Koma a pa nyumba yofufuzira zomera imene yamangidwa tsidya la dambo akuti ndikulota.

Pomanga nyumbayo anakumba maenje akuya asanu ndi limodzi, n'kulowetsamo mapaipi akuda. Anatiuza kuti m'mapaipimo muziyenda madzi osakaniza ndi mankhwala, kukasiya kutentha pansi pa nthaka kuti zomera zawo zizikhala pozizira. Anati madziwo sangatuluke. Tinavomera. Tikanadziwa chiyani ife olima fodya?

Nazale yanga ndimathirira ndi madzi a pa mjigo. Mabedi atatu apserera ngati ndathira madzi owira. Mbuzi ziwiri za aNambewe, oyandikana nawo nyumba, zafa zikutuluka thovu kukamwa.

Lachiwiri ndinatunga madziwo m'botolo n'kupalasa njinga kupita ku nyumba yofufuzira ija. Ndinafika pageti 8 koloko. Alonda anati ndidikire. Ndinadikira padzuwa mpaka 11:20. Mayi a mu ofesi sanaligwire n'komwe botololo. Anati ndiliike pansi, kutali ndi tebulo lawo. Ngati madziwo ndi abwino, ankaopa chiyani? Anati abwana ali ku msonkhano m'tauni, ndilembe kalata. Ndinawauza kuti tinalemba kale ziwiri. Anati ndiye ndilembe yachitatu.

Kenako kunatulukira injiniya wa nsapato zonyezimira. Anati mapaipi awo ndi ochokera kunja, sadontha, mwina ndi dzuwa la Seputembala likutenthetsa mjigo. Dzuwa, eti? Lolowa mpaka pansi pa nthaka? Nditamufunsa choncho anaseka, n'kundifunsa ngati ndinapitako kusukulu ya za madzi.

Ndikutuluka, kuseri kwa chipinda cha mapampu, anandikodola bambo ena achikulire, pulambala wa pamalopo. Dzina sinditchula, angawachotse ntchito. Ananunkhiza botolo lija. Kenako ananena motsitsa mawu kuti m'mawa uliwonse amapeza madzi a m'mapaipi atachepa, ndipo akanena amangouzidwa kuti awonjezere. Chiyambire Julayi akungowonjezera. Komwe madziwo akupita palibe wafunsapo.

"Akulu, kunyumba muli ndi ana?" anandifunsa.

Ndinati anayi.

"Musawamwetse."

Tsono inu a pa nyumbayo, yankhani poyera. Mankhwala amene mukuthira pansi pathu ndi amtundu wanji? Alowa ochuluka bwanji? Kodi zomera zanu zizipuma mphepo yabwino, ife tizimwa zotsalira?

Anthu a kumunsi kwa dambo, madzi anu akayamba kufunda lekani kumwa, ngakhale kuphikira. Ife tikukatunga kutali kumtsinje, koma si onse akumva. Sukulu ya pulayimale itsegulira Lolemba, ndipo ana onse amamwa pa mjigo womwewo.