Zikomo Wanga pa Mlatho wa Matabwa

Linali Lachiwiri. Ndinaphika phala, ndinapatulako lina m'kapu, kenako ndinabereka Chisomo. Anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Bambo ake anali atapita kale ku fakitale. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri.

Tinkakhala ku Kya Sand, m'nyumba ya malata okhaokha imene kuno ku Joni timati mkuku. Khomo lachitatu kuchokera kwathu kunkakhala Nomsa, Mzulu. Ankadwala chifuwa ndipo miyendo inali itasiya kugwira. Mwamuna wake Sipho ankalawirira kukadikira maganyu pamsewu.

Ine sindine wolankhula. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Amayi anzanga amatha kuima pokwerera matekisi n'kulalikira, koma ine sinditha. Chimene ndinkatha ndi kumutengera Nomsa phala, kumusambitsa ndi kumuchapira. Ndikamaliza ndinkagwada pambali pa matiresi ake n'kupemphera m'Chichewa, pakuti Chizulu changa chinali chogulira buledi basi. Iye ankangomva "Yesu" ndi "ameni". Sanadandaulepo.

Kwathu ku Ntcheu munthu sudutsa pamaso pa wina uli chete. Ndikamalowa ndinkati zikomo. Ndikamadutsa pamene Sipho wakhala, zikomo. Akandipatsa madzi, zikomo. Iye ankaseka. Mapeto ake anasiya dzina langa n'kumanditchula MaZikomo.

M'mawa umenewo Nomsa anali atamwa masupuni anayi pamene phokoso linayamba cha kumpopi. Anali malikhweru ndi malata akumenyedwa. Kenako kunabwera fungo la pulasitiki yopsa. Ndinasuzumira pakhomo. Mayi wina wa ku Mozambiki anadutsa akuthamanga, atanyamula mpando umodzi. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake anasankha mpando.

Nomsa anamvetsera nyimbo imene anthu ankaimba kunjako. Anandiuza kuti akusaka anthu akunja.

"Vula chitenjecho, sisi," anatero. "Chikuulula."

Ife timabereka ndi chitenje, mfundo tikumangira cha paphewa. Amayi a kuno amabereka ndi thawulo, lodutsa m'khwapa monse. Analoza thawulo lake lobiriwira limene linali pa msomali. Anandipisira yekha nsonga zake pachifuwa. Anandivekanso chipewa chake chaubweya.

"Usatsegule pakamwa mpaka utaoloka mlatho."

Atatero anandigwira dzanja n'kupemphera. Aka kanali koyamba kumumva akupemphera. Ndinamva dzina langa, la Chisomo, ndi ameni.

Kunyumba sindinabwerere. Ndinasiya nyemba zonyika m'poto ndi pasipoti m'chitini. Foni ya bambo a Chisomo sinkalowa. Ndinaganiza zopita kutchalitchi kwathu, tsidya lina la msewu waukulu. Njira inali imodzi yokha, ya pa kamlatho ka matabwa kodutsa pa mtsinje wa madzi akuda.

Pamlathopo panali amuna ambiri. Anali ndi zibonga ndi zikwanje. Wina anali atakumbatira wailesi. Mwamuna aliyense wobwera ankamuimitsa, kumulozera chigongono, n'kumufunsa kuti chimatchedwa chiyani m'Chizulu. Mmodzi amene analephera anali atakhala pansi, magazi akutsikira m'khutu. Amayi obereka ana ankangowayang'ana n'kuwasiya.

Ndinatsatira mayi wina wonenepa. Chisomo anali mtulo, tsaya lake lili pamsana panga. Ndinkawerenga matabwa. Pa thabwa lachisanu ndi chinayi amuna awiri anali ataima moyandikana, ndipo mpata unali wochepa. Ndinapinda mawondo pang'ono, ndinaphatikiza manja.

"Zikomo."

Mawuwo anatuluka okha. Ndinawamva ngati wanena ndi munthu wina.

Mnyamata wa chipewa chofiira anatembenuka. Anandifunsa kuti ndati chiyani. Anagwira thawulo cha pamene panali phazi la Chisomo, n'kufunsanso.

Winayo anatembenuka naye. Anali Sipho. Anali ndi chitsulo chachitali m'manja. Anandiyang'ana kumaso, kenako anayang'ana thawulo. Ankalidziwa. Ndinkaliyanika pa chingwe chawo tsiku ndi tsiku.

"Musiye," anatero. "Ndi mlamu wanga. Akuchokera kwa mkazi wanga."

Wa chipewa chofiira sanasiye msanga. Sipho anachotsa dzanjalo pa thawulo, chala chimodzi chimodzi. Ndiye anandikankha paphewa mwamphamvu, ngati munthu wokwiya.

"Hamba," anatero, kutanthauza kuti pita.

Ndinaoloka. Sindinathamange mpaka nditapitirira mpanda wa mafakitale. Pamenepo Chisomo anadzuka n'kuyamba kulira. Ndinamuyamwitsa ndili chiimire kuseri kwa lole.

Tchalitchi chathu chinali chipinda chachikulu chimene kale ankasungiramo katundu. Ndinapeza mipando ataiunjika kukhoma ndipo anthu atakhala pa simenti. Abusa ankalemba mayina kuseri kwa kalendala. Anandifunsa anthu a m'nyumba mwanga. Ndinati atatu. Analemba awiri, n'kusiya mzere.

Bambo a Chisomo anafika mawa lake masana, opanda nsapato. Abwana awo anawatsekera m'fakitale pamodzi ndi anzawo mpaka kunja kutakhala bata. Anayamba anyamula mwana, kenako anapita okha kukalembetsa dzina. Mkuku wathu unapsa. Titatuluka m'tchalitchimo tinakapeza kachipinda ku Soweto, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa mumpingo.

Mizere ina pa kalendala ija sinadzazidwe.

Nomsa anamwalira nyengo yozizira isanathe. Ndinamva kwa mayi wogulitsa tomato, maliro atapita kale kwawo. Sindikudziwa amene ankamusambitsa masabata otsalawo.

Sipho sindinamuonenso. Chimene anachita ndi chitsulo chija ndisanafike, kapena nditadutsa, sindikuchidziwa. Ndikamapemphera ndimamutchula dzina.