Oyilo wa Aphunzitsi

Kuseri kwa chitseko cha amalume kunkakhala chigubu chachikasu. Poyamba munali mafuta ophikira, koma pamene ine ndinayamba kuzindikira zinthu chinali chitada kukamwa, chotsekera chake chili chitsononkho cha chimanga. Ndikatsinzina ndimalimvabe fungo lake, la chitsulo chotentha losakanikira ndi utsi wa nkhuni. M'chigubumo amalume ankathiramo oyilo aliyense amene wapezeka: wa m'mabotolo ochokera kutsidya kwa malire, wotsalira m'zitini za madalaivala a malole, ngakhale wokhetsedwa ku chigayo. Ankachikhutchumula ngati thobwa, n'kumwetsa galimoto yawo.

Galimotoyo inali pikapu yakalekale. Anthu a kwathu ku Misuku anaipatsa dzina loti Polepole, chifukwa pachitunda munthu wosenza mkoko wa nthochi ankatha kuyenda nayo limodzi akucheza ndi dalaivala. Chitseko cha kumanzere ankachimanga ndi mphira. Komatu ukaipa dziwa nyimbo. Mbali yathu ya phiri galimoto inali yokhayo, ndipo khofi, akwati, odwala ndi maliro, zonse zinkatsika ndi iyo.

"Oyilo ndi oyilo, wanjala sasankha ndiwo," ankatero amalume. Lero ndili ndi galimoto yangayanga, nayonso nkhalamba, ndipo makaniko wanga atamva mawu amenewa angagwire pakamwa. Amalume ankalakwitsa, ndinene poyera. Oyilo wotopa kale ku chigayo sathira mu injini ya galimoto. Koma nthawi imeneyo amalume akanati phiri la Mughese analiwumba okha ndikanavomera, chifukwa ndinkawakonda kwambiri.

Chaka chimene ndikunenachi amayi anali oyembekezera, bambo ali kutali kokagwira ntchito. Mwana amene ananditsata ine anamwalira pobadwira kunyumba, choncho anamwino anali atanenetsa kuti ulendo uno amayi akachirire ku chipatala chachikulu cha ku Boma, ndipo apite msanga akadikirire komweko. Amayi anavomera ndi pakamwa pokha. "Khofi akatha," ndilo linali yankho lawo kwa aliyense. Masiku anali akadalipo, ankatero, ndipo zikavuta Polepole alipo. Moyo wa amayi ndi wa mwana wosabadwayo unatsamira pa galimoto yomanga ndi mphira.

Inali nyengo ya chisanu. Nkhungu inkatsika kuchokera m'nkhalango n'kukhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera. Zala zinkachita dzanzi potchola khofi, ndipo madzi a zipatso zofiirazo ankamata m'manja n'kuitana njuchi. M'mawa oyilo wa m'chigubu uja ankauma gwa mu injini, moti amalume ankasonkha mbaula n'kuikankhira pansi pa galimoto kuti afewe. Kuti sitinapse ndi galimoto yomweyo ndi chisomo chabe.

Aphunzitsi athu a Sitandade 4 anali ochokera ku Thyolo, munthu wamtali wovala majuzi awiri. Mawu a kwathu amene anaphunzira msanga anali othokoza akuti "yewo chomene", ndipo ankawanena paliponse, ngakhale akamukalipira mwana. Pamene ankafika koyamba, amalume anawanyamulira katundu kuchokera kumsewu waukulu osawalipiritsa, ndipo iwo sanaiwale. Tsiku lina pobwera ku Boma anafika pakhomo atakumbatira chigubu chatsopano chosatsegula.

"Uyu ndi amene alamu anga amathira m'galimoto yawo yatsopano," anatero. "Polepole nayenso alaweko zabwino, bambo."

Kwathu mphatso saibisa. Ukapatsidwa malaya umawavala mwini wake akuona, ukapatsidwa nthochi umasenda imodzi pomwepo. Amalume anawomba m'manja, n'kuyala thumba pansi, n'kukwawira kunsi kwa galimoto. Anakhetsa oyilo wakuda yense, aphunzitsi ataima pambali manja kumbuyo ngati akuyang'anira mayeso. Watsopanoyo anatuluka woyera mbee, wamadzimadzi, wothamanga. Anatsalako pang'ono, ndipo amalume anaponya chigubucho kuseri kwa mpando.

Masiku oyamba zinakoma. Polepole ankadzuka m'chisanu popanda mbaula, amalume akuimba mluzu. Kenako kumbuyo kunayamba kutuluka utsi wabuluu wonunkha. Pamene galimoto yagona pankatsala chibanga chakuda. Injini ikatentha pachitunda, kanyali kofiira kankaphethira, ndipo mkatimo munkamveka kugogoda ngati munthu ali pakhomo.

Oyiloyo sanali woipa ayi, zimenezo ndazimvetsa ndili wamkulu. Anapangidwira injini zatsopano zimene zitsulo zake n'zogwirana bwino. Injini yokalamba ili ngati m'kamwa mwa agogo, mipata yakula, ndipo wamadzimadzi amangopyola, wina n'kupsa, wina n'kudontha. Imafuna wolemererapo, wa mtundu umene anaupangira, ndipo buku lonena zimenezo amalume sanaliwonepo chigulireni galimotoyo.

Kuwauza aphunzitsi kuti mphatso yawo yadwalitsa galimoto, amalume sakanatha. Ntchito inagwera ine. M'mawa uliwonse ndinkatapa phulusa n'kukwirira chibanga chija, n'kusesapo, aphunzitsi asanadutse popita kusukulu. Iwo ankaima n'kufunsa kuti, "Polepole wadzuka bwanji?" Ine, maso pansi, ndinkati wadzuka bwino. M'kalasi ndinkalephera kuwayang'ana kumaso, ndipo ndinkawamvera chisoni osadziwa chifukwa chake.

Tsiku lina amalume anatsika ku Boma okha, osanyamula munthu kapena thumba. Anabwerako wailesi yawo yaikulu palibe, m'malo mwake muli zigubu za oyilo wolemera wa mtundu umodzi, wolembedwa kuti 20W-50. Makaniko wa kumeneko anali atawakhetsera wa aphunzitsi uja n'kuthira ameneyu. Zosakaniza zakale zimene ankasunga anazipaka pa nsanamira za khola kuti chiswe chisadye, n'kulumbira pamaso pa akazi awo kuti kusakaniza oyilo asiya. Kenako anachita chinthu chimene chinadabwitsa mudzi wonse: anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala, itapenya kumsewu, khofi ali pachimake.

Anthu ankabwera ndi matumba, amalume n'kuwabweza mwaulemu. Khofi anayamba kupita kokapuntha pamitu ndi panjinga, ndipo anthu ananena zambiri. Ngakhale amayi anawadzudzula. "Achimwene, galimoto si nkhuku yoti izifungatira mazira." Iwo anangoti ikupuma. M'mawa ankailiza pang'ono, khutu lili pa boneti, n'kuizimitsa. Ankasolola kandodo koyezera, n'kundidonthezera oyilo pachala kuti ndimve mmene akunandira. Anzanga kusukulu ankandiseka kuti amalume anga achita ulesi, ndipo ndinachita manyazi chifukwa nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi.

Tsiku loti amayi achire linafika masiku asanakwane, dzuwa lili paliwombo. Tinali m'munda, ndipo ndinaona amayi atagwira nthambi ya khofi osatchola kanthu, milomo itauma. Posakhalitsa matiresi anali kumbuyo kwa pikapu, amayi atagona, akazi a amalume atawagwira mutu. Ine anandiika kutsogolo poti panalibe wondisiyira. Polepole analira pakamodzi.

Msewu wa kwathu ndi wokhotakhota, wotsika n'kukweranso. Utsi unkatitsata, ndipo nyali yofiira ikaphethira amalume ankaima, n'kuthira oyilo wolemera uja, n'kupitiriza. Injini inkamumwa ngati madzi. Mapiri atatsala kumbuyo, minda ya chimanga chouma itayamba kuoneka, nyaliyo inayaka osazimanso, ndipo chigubu chomaliza chinali chitauma. Panalibe nyumba pafupi, panalibe galimoto ina. Kumbuyo amayi anabuula mawu amene ndinali ndisanawamvepo, ndipo akazi a amalume anamenya galasi ndi chikhatho.

Amalume anapisa dzanja kuseri kwa mpando n'kutulutsa chigubu cha aphunzitsi. Anachiyang'ana kanthawi, munthu amene analumbira uja. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mama," anandiuza, n'kukhuthulira wamadzimadziyo pamwamba pa wolemera. Pamenepo pokha makaniko wanga wa lero amawavomereza. Iye amati panjira, oyilo wa injini wosiyana mtundu aposa injini youma: thira, fika, ukakhetse. Nyali inazima. Tinayenda pang'onopang'ono, kugogoda kuja kukukulirakulira, mpaka malata a ku Boma anayamba kung'anima patsogolo. Pachipata cha chipatala injini inatsokomola n'kukhala chete, ndipo anyamata a kabaza ndi amene anatikankhira mkati.

Mng'ono wanga anabadwa dzuwa lisanalowe, madokotala atachita kuwang'amba amayi. Anamwino anauza akazi a amalume kuti tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Polepole sanalirenso. Anakhala kuseri kwa galaja ya makaniko uja mpaka ogula zitsulo anamutenga, ndipo ife tinabwerera kumudzi pa lole ya eni ake.

Titangofika, amalume anavala jekete n'kupita kunyumba kwa aphunzitsi, ine ndili pambuyo. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, oyilo wanu ndi amene anatifikitsa." Silinali bodza. Aphunzitsi anati yewo chomene, maso atalengeza misozi, ndipo za phulusa lija sanazidziwe mpaka anasamutsidwa.

Ine mtima unali kuwawa. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali pululu, ndipo khandalo ndinkakana kulinyamula. Amalume atandifunsa chifukwa, ndinawauza kuti lapha Polepole. Anaseka mpaka kupukuta m'maso, n'kundikhazika pamphasa, n'kundiikira mwanayo m'manja, akundigwirizira chigongono kuti mutu usalendewere.

Patapita zaka, amalume atamwalira, akazi awo anandiuza zimene makaniko ananena tsiku limene wailesi inagulitsidwa. Anati injini inali itatha kale mkati chifukwa cha zosakaniza za zaka zonse zija, ndipo ngakhale ndi oyilo wabwino, ulendo wautali umene inatsala nawo unali umodzi. Amalume akanatha kuuthera pa khofi n'kupezapo chogulira zitsulo zina. Ine ndinkangoona munthu amene wataya galimoto, wailesi ndi phindu la chaka chonse, akuyenda wapansi kupita kumsika, akuimba mluzu, ndipo ndinkadabwa kuti bwanji sakulira. Sindinkadziwa kuti masiku onse amene mudzi unkawaseka, ndi ine ndemwe, amalume ankasungira mlongo wawo ulendo umodzi umene anali nawo.