Njerwa Zomwe Zinamanga Mvula

Mvula ikangonyowetsa fumbi, anzanga amakoka mpweya mosangalala, koma ine fungo limenelo limandibwezera kwa agogo anga aamuna, a Fabiano, ali m'dzenje kuseri kwa nyumba, buluku atalipinda mpaka m'mawondo, akuponda dothi lofiira, thukuta likutsika m'ndevu, chikombole chikulira phwa pabwalo losesa bwino, njerwa zaziwisi zikundandalika padzuwa. Anali mkamwini pamudzi wathu, kufupi ndi Mphunzi. Anachokera ku Ntcheu akadali mnyamata, imvi zinawamerera pamudzipo, koma anthu akakwiya ankawatchulabe kuti obwera aja.

Chaka chimenecho mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo, n'kugwetsa khoma la kanyumba komwe tinkagona ine ndi mayi anga. Anthu anadzala, chimanga chinamera bwino, kenako kumwamba kunangoti gwa. Ng'amba inakhazikika. Masamba a chimanga anapindika ngati a anyezi, ndipo m'mawa uliwonse anthu ankatuluka maso ali kumwamba asanapatsane n'komwe moni.

Agogo anaona dzuwa likungowonongeka, anatenga khasu ndi chikombole.

"Bambo, munthu saumba njerwa anzake akulira mvula," anatero agogo aakazi, Anabanda.

"Nanga mwanayu azigona ndi agalu? Dzuwali sindinaliitane ndine," anayankha motero, n'kulowa m'dzenje.

Anali ndi liuma agogo anga, ndipo ine ndinatengera komweko. Njerwa zinadzaza bwalo. Ndinkazitembenuza kuti ziume mbali zonse, ndikunyadira kuti zonsezo n'zanga. Sindinkadziwa kuti kuchitsime kukuyenda mawu. Kwathu anthu amakhulupirira kuti woumba njerwa amatha kumanga mvula ndi mankhwala kuti ntchito yake isasungunuke. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana cha ku Phiri la Dedza, kuda bii, kubwera mpaka pamwamba pa mudzi, kenako n'kubalalika. Anthu akatsitsa maso kuchoka kumitamboko, ankawatsitsira pabwalo pathu.

Anabwera masana ena dzuwa lili paliwombo, amuna ndi akazi omwe, ena atanyamula misi. Patsogolo panali a Damiano, oyandikana nawo nyumba, omwe ankaimba ndi agogo m'kwaya ya kutchalitchi. Munda wawo ndiwo unali utapseratu, ndipo anali ndi ana aang'ono ambiri. Sanapereke moni.

"A Fabiano, mitambo ikumafika pamwamba pa njerwa zanuzi n'kubwerera. Tonse taona."

"Ine ndi mitambo sitilankhulana, a Damiano. Changa chimanga mwachiona? Chikupsa ngati chanu chomwe."

"Ndiye palibe chovuta. Tiziswe, tione. Ngati si inu, kumwamba kukhala momwe kulilimu."

Agogo anayang'ana misi ija, anayang'ana ine, kenako anapatuka. Mpaka lero phokosolo ndimalimva, njerwa youma ikusweka pansi pa musi, fumbi lofiira likulowa m'mphuno, amayi omwe ankandiluka tsitsi akupondaponda zibuma osandiyang'ana kumaso. Atatha anachoka mwakachetechete. Ine ndinkalirira khoma langa, koma agogo aakazi anakhala pansi pakhonde, manja ali m'masaya, n'kunena chinthu chimene chinandiumitsa misozi.

"Tsopano ikagwa, tatha."

Ndinamvetsa pomwepo, ngakhale ndinali mwana. Mvula ikapanda kugwa, tifa ndi njala. Ikagwa, ndiye kuti agogo ndi mfiti.

Lamulungu lotsatira tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Anthu onse anagwada kupempha mvula, agogo nawonso, mawu awo a besi akumveka bwino lomwe pafupi ndi a Damiano. Ine ndekha ndinafinya kolona m'manja n'kumanong'ona kuti Ambuye, musagwetse, dikirani pang'ono, anthu aiwale kaye. Pobwerera ndinadutsa m'munda mwathu, chimanga chili lende, ndikuchiyang'ana ngati mdani. Kamtambo kalikonse kankandiopsa.

Sanandimvere Ambuye. Patangopita masiku ochepa mphepo inatembenukira kumpoto, anamzeze anayamba kuuluka chapansipansi, kunja kunatentha modabwitsa. Bingu linagunda kuseri kwa phiri. Dontho loyamba linandigwera padzanja ndikuchokera kotunga madzi, lalikulu, lozizira, ndipo ndinalipukuta msangamsanga ngati kuti ndikalibisa ena saliona. Kenako inakhuthuka. Mudzi wonse unaphulika nthungululu, ana akuvina maliseche m'matope, mabeseni ali pansi pa madenga. Panyumba pathu pokha panali ngati pamaliro.

Nthungululu zija sizinachedwe kusanduka mawu ena. Mwala woyamba unagwa padenga mvula isanakate. Wachiwiri unaswa mtsuko pakhonde. Kunja wina ankakuwa kuti atuluke, atuluke wobwerayo. Amayi anatchinga chitseko ndi mtondo. Ndiye kunamveka kugogoda pawindo lakuseri. Anali a Damiano, atanyowa thupi lonse, akupuma mwawefuwefu.

"A Fabiano, anyamata apita kukatenga zikwanje. Ine sindinafune zimenezi. Dzerani kudimba."

Agogo aamuna anavala jekete lawo lakutchalitchi, agogo aakazi anawamangira zovala m'chitenje, akungobwereza kuti mvula ikakuona litsiro sikata. Asanatuluke, agogo aamuna anagwada kuti nkhope yawo ilingane ndi yanga, n'kunditchula dzina. M'zikhadabo mwawo munali mukadali dothi lofiira.

"Agine, ikanagwabe. Njerwa zija zikanakhala pomwepo, ikanagwabe lero lomwe. Koma ndingawaonetse bwanji?"

Anatsikira kudimba, m'mvula, chimtolo chili pamutu. Sanabwererenso. Anakafera kwa mlongo wawo ku Ntcheu, ine ndisanamalize pulayimale. Khoma lija tinalitseka ndi bango. Chaka chimenecho mudzi unakolola bwino ndithu, ndipo palibe amene anakayikanso kuti anachita zolondola. Ndinawada anthu aja, sindibisa, ndipo a Damiano ndinakhala zaka osawapatsa moni.

Lero ndimagwira ntchito ndi gulu la ofufuza za kusintha kwa nyengo. Timamanga chifaniziro cha dziko lonse m'makompyuta akuluakulu: nyanja, mphepo, mitambo, nkhalango, nthaka, zonse zikukankhana monga zichitira kunjaku. Tikafuna kudziwa ngati kutentha kapena chilala chabwera chokha kapena muli dzanja la munthu, timaliyendetsa dzikolo pawiri. Kwina timaikamo utsi wa mafakitale ndi magalimoto ndi nkhalango zodulidwa, kwinako timachotsamo zonsezo. Ndipo sitiyendetsa kamodzi ayi, timabwereza kambirimbiri, chifukwa chinthu chochitika kamodzi chikhoza kungokumanizana.

Chimene chimandiwawa n'choti funso la a Damiano silinali lopusa. Dzanja la munthu lilimodi m'nyengo yathu, makompyuta amalionetsa. Kungoti ndi dzanja lalikulu, la maiko ndi mibadwo, ambiri ake sanamvepo n'komwe za Mphunzi. Pa chifaniziro chathu mudzi wonse ndi mapiri ake zimalowa m'kabokosi kamodzi, ndipo bwalo la njerwa silingaoneke ngakhale mutalifuna ndi nyali.

Anzanga amathamangira kuona dziko lokhala ndi utsi lija, poti ndiko kuli nkhani. Ine ndimayamba ndi linalo, lomwe munthu sanaligwire. Kumenekonso ng'amba imabwera pakati pa dzinja, kukhala, kenako n'kutha yokha, popanda wonyamula musi. Ndikaona mvula ikubwerera pa kabokosi kakwathu, ndimakumbukira dothi lofiira m'zikhadabo zija, ndipo ndimayankha chapansipansi, anzanga asamve.

"Ikanagwabe, agogo. Onani."