Mikeka yopotoka ya amayi

Ndikukumbukira chaka chimene njovu zinatidyera munda wonse, titangosamukira kuno kuchigwa kuchokera kumtunda. Abambo anabzala chimanga ngati akadali kwawo, ndipo njovu zinangotisiyira mapesi ndi ndowe. Chimene tinali nacho chambiri ndi mlaza, womera wokha kuseri kwa mudzi. Amayi anayamba kuluka mikeka. Kunena zoona, sankaidziwa bwino ntchitoyo. Mikeka yawo inkapotoka m'mphepete ngati khutu la galu.

Tsiku lina kunatsika mayi wina wa kumtunda, aNajere, amuna awo akukankha njinga ya matumba a chimanga, fumbi lofiira mpaka m'maondo. Ndinali wamng'ono, koma maso anali kale awa okayikira anthu, amene adzukulu anga amadandaula nawo lero. Ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana manja a mlendoyo.

Anagwirizana ndi amayi kuti mkeka umodzi, dengu limodzi la chimanga.

"Koma lisefukire," anatero amayi. "Mlazawu timadula kumene kumayenda mikango."

"Mikango yanuyo yadya ndani, amake Tisa? Ine chitunda chija chandidya miyendo yonse iwiri."

Dengu linasefukira ndithu. Fungo la chimanga chouma lija ndimalimvabe, ndi phokoso lake pogwera m'thumba mwathu.

Kenaka aNajere anakhala pansi, n'kumasula m'mphepete mwa mkeka umodzi, n'kuyamba kuulukanso akucheza, osayang'ana n'komwe zala zawo. Unawongoka bwinobwino. Munthu ali ndi chimanga, kuluka akuposa amayi, nanga chidzamubweretsenso kwathu n'chiyani? Akangonyamula mlaza wokha, ife tidya chiyani? Ndinanyamuka mwakachetechete n'kuyamba kukokera mitolo ya mlaza kuseri kwa khitchini.

"Iwe mwana, ukubisa chiyani?" anafunsa aNajere.

"Mukakaluka nokha simudzabweranso."

Anaseka mpaka kutsokomola, amayi akufuna kulowa pansi ndi manyazi.

"Tamvera, Tisa. Masiku amene ndingakhalire mkeka umodzi, udzu ungandidyere munda wa madengu khumi. Amako aziluka, ine ndizilima. Wopotoka womwewu ndikagonapo."

Sindinawakhulupirire. Munthu akaseka kwambiri, ine ndimayang'ana kumene kuli dzanja lake linalo. Masika otsatira ndinkangokhalira kusuzumira kunjira, mtima uli m'mwamba. Anabwera. Chaka chinacho anabweranso, atatengako ndi mtedza. Abambo anasiya kulimbana ndi njovu n'kumathandiza kudula mlaza, ndipo njala sinagonenso m'nyumba mwathu mpaka ine kukwatiwa.

Lero ufa umabwera pa lole, ndipo ku msika wa ku Mfuwe kwadzaza mikeka ya pulasitiki yochokera kumaiko amene sindingathe kuwatchula. Mdzukulu wanga wogwira ntchito ku loji ya alendo odzaona nyama amati maiko nawonso amatero, lililonse limagwira chimene chimalipindulira n'kusinthana ndi anzake. Mwina. Koma amene waluka sindimuona nkhope, amene walima sindimudziwa dzina. Ufa ndimaununkhiza ndisanagule, wogulitsa aseke asaseke.

ANajere anamwalira kalekale, kwawo kumtunda, ndipo uthenga unatipeza maliro atapita. Zaka zonse zija ndinkawadikira kuti tsiku lina atibere. Sindinawagwirepo. Ngakhale madzi akumwa ndinkawapatsa maso ali padengu, ndipo pano ndikayesa kukumbuka nkhope yawo, amangobwera manja awo okha.