Madzi Otsalira M'bafa la Ba Lonah

Ba Munalula Lubasi ndinawadziwa zaka makumi awiri, ndipo m'zaka zonsezo sindinamve munthu akudandaula ndi ntchito ya manja awo. Anabwera kuno ku Livingstone kuchokera ku Mongu, nagwira ntchito ya mipope m'nyumba za anthu a njanji kufikira 1992, pamene ntchito inawathera monga inathera ambiri. Kuyambira pamenepo ankayenda wapansi ndi chikwama cha zitsulo, kuchokera ku Maramba kumene ankakhala, kupita kulikonse kumene aitanidwa. Abale awo a Chilozi ankati Bo Munalula. Ife ena tinkangoti apulambala. Mumpingo mwathu, m'mene ine ndimathandiza kulalikira, ankakhala pa benchi lachitatu, atapendeketsa mutu ngati akumvetsera paipi ya m'khoma.

Mwa zida zawo zonse ankalemekeza levulo yawo yathabwa, yokhala ndi kagalasi pakati, m'mene kathovu kamayendayenda kufikira kataima pakati pa mizere iwiri. Ankaikulunga m'nsalu yakeyake, osalola kuti igundane ndi masipanala.

Mumpingo momwemo munali mayi wamasiye, Ba Lonah, wa ku Dambwa, amene ankagulitsa tinsomba ta kapenta pamsika wa Maramba. Mwamuna wawo, Pius Malambo, anali wosema ziboliboli, wogulitsa ku Mukuni Park, ndipo Loweruka lililonse ankakawedza nsomba kumtunda kwa mathithi. Mu 1993 mvuu inagubuduza bwato limene anakweramo ndi mnzake. Mnzakeyo anasambira nafika pamtunda, koma Pius sanaoneke. Tinafunafuna masiku asanu ndi anayi m'mabango ndi m'miyala, kenaka tinachita maliro opanda thupi. Tinaimba, tinapemphera, tinabalalika. Panalibe womusambitsa, panalibe womuika.

Kutatsala miyezi iwiri kuti afe, Pius anabwera ndi bafa lachitsulo pangolo, loyera, logonamo munthu wamkulu, limene anapatsidwa ndi mzungu wina wochoka m'dziko muno. Ankauza anzake moseka kuti watopa kusamba choimirira ngati mbuzi pamvula. Iye atapita, bafalo linakhala kuseri kwa nyumba zaka ziwiri, nkhuku zikuikiramo mazira. M'chilimwe cha 1995 Ba Lonah anati chofuna cha mwamuna wawo chichitike, naitana Ba Munalula.

Analiika m'chipinda chosambira, nalumikiza mapaipi, namanga njerwa m'mbali mwake, namata matailosi. Sabata imeneyo madzi anali atasowa m'mipope ya ku Dambwa, ndipo apulambala anachoka osathiramo ngakhale kapu imodzi yoyesera.

Madzi atabwera, Ba Lonah anasambamo, nazula chotsekera. Madzi anatuluka onse, kupatula pang'ono pokha kumutu kwa bafa, kutali ndi bowo, pamene munthu wogona amatsamiritsa khosi. Anali otambalala ngati mbale, akuya ngati chala. Anawapukuta ndi nsanza. M'mawa mwake, wina asanasambemo, anawapeza pomwepo.

Mbiri inayenda. Amayi a mumpingo, motsogozedwa ndi Ba Mbaita, mnansi wa Ba Lonah wosasunga mawu, anabwera kwa ine kudandaula kuti Ba Lonah aleka kupita kumsika, kuti akusambira m'ndowa panja, ndi kuti amakhala m'chipinda chija tsiku lonse. Anapempha kuti ndikapemphere, mzimu umene ankati uli m'bafamo uchoke.

Ndinapita masana, dzuwa likuswa mtengo. M'chipindamo munali zii. Pamphepete pa bafa panali sopo wosagwiritsidwa ntchito ndi thaulo lopindidwa bwino, ndipo kumutu kunali madziwo, osagwedezeka. Ba Lonah anakhala pakampando, ataonda, koma nkhope yawo ili ndi mtendere umene sindinauonepo chichitikire maliro.

"Ba mlaliki, musamuthamangitse," anatero motsitsa mawu. "Sitinamusambike uja. Manje abwela kusamba yekha."

Ine ndakhala ndikuphunzitsa kuti akufa ali m'manja mwa Mulungu, ndi kuti sabwerera kudzayendayenda m'nyumba zathu. Ndikhulupirira zimenezo lero monga ndinkakhulupirira tsiku lija. Komabe ndiyenera kuvomereza kuti pamene ndinaima pambali pa madziwo, pemphero langa linali lalifupi.

Lamulungu lotsatira, anthu atabalalika, Ba Munalula anandikokera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Anamasula nsalu ija, naika levulo pa benchi lopendekeka limene ana amakhalira, nandifunsa kuti kathovu kali pati. Ndinayankha kuti kathawira kumapeto, kutali ndi mizere. Anagwedeza mutu, nandiuza kuti iwo sakukaona n'komwe. Ng'ala inali itayamba m'maso onse awiri. Kwa chaka chathunthu ankaika levulo pantchito kuti eni nyumba aone, koma ankangoyeza ndi manja ndi chizolowezi. Bafa la Ba Lonah analiika kumutu kutatsika. Za madzi opezeka m'mawa anafotokozanso: mpope ukasiyidwa wotsegula podikira madzi, umalavula pang'ono madziwo akamabwera, ndipo malovuwo amatsetserekera kumene kwatsika.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanapite kukakonza. Anati pulambala wosaona saitanidwa ndi munthu, ndipo kunyumba mkazi wawo, Ba Mukatimui, analibe wina womuyang'anira. Dambwa yense ankanena za mzimu. Panalibe ndi mmodzi yemwe ankanena za Munalula.

"Nabisala kumbuyo kwa munthu wakufa," anatero. "Pius ananyamulidwa ndi madzi kamodzi. Manje anyamula futi mulandu wanga."

Sindinawalamule kanthu. Ndinangowauza kuti Ambuye adziwa kuti ndife fumbi, ndi kuti sanyoza munthu chifukwa maso ake atha. Koma mayi uja akufota pambali pa bodza, ndipo amene angathe kumutulutsa m'chipindacho ndi apulambala okha. Anakulunga levulo yawo napita.

Panadutsa milungu iwiri. Pa benchi lachitatu ankakhalapo ndithu, koma osaimba. Ba Mukatimui anandiuza kuti amuna awo ankati akafika pamphambano yopita ku Dambwa, ankazungulira njira ina. Tsiku lina Lachiwiri m'mawa ndinawapeza ataima pakhomo panga, atanyamula nyundo ndi tchizulo, napempha kuti ndiwaperekeze.

Titafika, Ba Mbaita anationa, nadzaima pakhomo pa chipinda ndi amayi ena awiri. Ndinafuna kuwabweza, koma apulambala anati asiyeni, amve okha kusiyana n'kuti akamve zopotoka. Anaika levulo pamphepete pa bafa, pambali pa sopo uja, napempha Ba Lonah kuti ayang'ane kathovu. Mayiyo anawerama, nanena kuti kali kumbali ya mpope, sikali pakati. Pamenepo Ba Munalula anafotokoza zonse monga anandifotokozera ine, osachepetsa ndi osadziikira kumbuyo.

"Si ba Pius, mayo," anamaliza motero. "Ni ine. Siniona."

Ba Lonah anayang'ana madziwo. Kenaka anafunsa ngati angathe kulisiya bafalo momwe liliri. Apulambala anayankha kuti angathe, pakuti nyumba ndi yawo, koma sangathe kubweza zimene anena. Mayiyo anatola sopo ndi thaulo, nazifungatira pachifuwa.

"Phwanyani," anatero.

Anaphwanya matailosi amene iwo eni anamata, nagumula njerwa, ine ndikuthandiza kutukula chitsulocho. Popeza sakanatha kuwerenga levulo, anapempha Ba Lonah kuti awawerengere. Mayiyo anagwada pomwepo, akunena kuti kwezani pang'ono, kwezaninso, basi pamenepo, kufikira kathovu kataima pakati pa mizere. Motero ndi maso a mkazi wake amene anawongola bafa la Pius. Apulambala anatchinjiriza ndi zidutswa za njerwa ndi simenti, natunga ndowa yodzaza, nathira kumutu. Madzi anayenda onse kupita kubowo. Tinamvetsera akutsika m'paipi, akulira ngati munthu womeza, kufikira kutati zii.

"Ayenda futi," anatero Ba Lonah, ndipo analira kulira kumene sanalire pamaliro. Amayi a pakhomo analowa, namugwira, nalira naye mpaka dzuwa litapendeka. Mwezi usanathe anabwerera pamalo pawo pamsika.

Zimene Ba Munalula ankaopa zinachitikadi. Pofika Loweruka, Dambwa ndi Maramba yense anali atamva kuti apulambala saona. Anthu ankawapatsa moni mwaulemu woposa kale, koma ntchito ankaitanira ena. Anayala thumba pansi m'mphepete mwa msika wa Maramba, nayamba kugulitsa timalabala ta m'mipope ndi zolumikizira mapaipi, zimene ankazizindikira ndi zala. Kuchokera pamenepo kufika pa tebulo la kapenta la Ba Lonah panali mapazi ochepa chabe. Mayiyo ankawatumizira tiyi m'mawa uliwonse, koma sanabwere kudzakhala nawo ngakhale kamodzi, ndipo iwo sanafunse chifukwa chake.

Ba Munalula anamwalira mu 1998, nthawi ya dzinja. Masiku awo omaliza ndinkawayendera masana, maso awo atayera onse. Tsiku lina anandifunsa ngati Mulungu adzawawerengera kuti anachita bwino, pakuti iwo ankamvabe ndowa ija ikutsika m'paipi, ndi mawu a mayi uja pambuyo pake. Ndinawauza mosakayika kuti anachita choonadi, ndi kuti choonadi sichitayika pamaso pa Iye. Anavomera ndi mutu, kenaka anati komabe mkazi uja anali ndi mwamuna m'nyumba, ndipo amene anamutulutsa ndi iwo.

Thupi lawo tinalisambitsa ife amuna a mumpingo, ine ndi Ba Chisanga, mkulu wa mpingo, ndi madzi amene Ba Lonah anatunga okha, nasenza pamutu kuchokera ku Dambwa.