Mphete ya Woimba Ng'oma

Kiyibodi ija anatisiyira mzungu wina wa kumishoni pobwerera kwawo, ndipo m'Malindi monse woidziwa ndinali ine ndekha, mphunzitsi wa sitandade faifi. Zinandilowa m'mutu, sindikana. Inali ndi mabatani ogwira mawu: ukailowetsera kanyimbo kakafupi, inkasunga n'kumabwereza osatopa, bola batire ya galimoto imene tinkayatsira kiyibodiyo ikhale ndi moto.

Zaka zimenezo othawa nkhondo ku Mozambiki anali atadzaza m'midzi yathu. Amayi awo anali ndi kwaya yawoyawo kutchalitchi, koma woimba ng'oma analibe. Tsiku lina ana ataweruka, mtsogoleri wa kwayayo, mayi wamtali wosalankhulalankhula, anandipeza m'kalasi n'kumasula kaseti pansonga ya chitenje.

"Aphunzitsi, umu muli bambo a kwathu akuimba ng'oma. Anatsalira kutsidya, kenaka tinangomva kuti anatisiya. Akuti makina anuwa amasunga mawu. Tisungireni, tepiyi yatha."

Inalidi yotha. Anali atailumikiza ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo malo atatu, ndipo wailesi ikamaizungulitsa inkalira ngati ikufuna kuitafuna. Ndinadziwa kuti ikadukanso, mayiyo sadzawamvanso amuna awo.

Ndinasankha pamene ng'oma inkamveka yokha n'kulowetsa m'kiyibodi. Vuto linali polumikiza. Mawu akafika kumapeto n'kubwerera koyamba, pankamveka "tha!" wokwiyitsa. Mankhwala ake ndi kuleza mtima basi: umasuntha podulira pang'onopang'ono mpaka mathero ndi chiyambi zikumane pamene ng'oma yapumira. Ndinalimbana nazo masiku atatu mpaka phokosolo linatha. Koma panali kenanso, ka "ke" kouma, kobwera pakati penipeni. Ine ndi khutu langa lonyada ndinati n'chilema cha tepi yakale. Ndinaiseweranso tepi yodwala ija kanayi konse, ndikupotokola batani la wailesi lochepetsa mawu akuthwa, mpaka kaphokosoko kanamira. Ndinasunga zosalalazo, zoyamba zija n'kufufuta.

Loweruka amayi aja anabwera kudzayeserera. Ndinayatsa kiyibodi n'kuika manja m'thumba, kudikira kuyamikidwa. Anayamba nyimbo, koma wina ankalowa msanga, wina mochedwa, mapazi osagwirizana. Mtsogoleri uja sanaimbe nawo n'komwe.

"Si iwo awa," anatero.

"Ndi tepi yanu yomwe ija, amayi. Ndangochotsamo zinyalala."

"Zinyalala zake ziti? Nanga mphete ili kuti?"

Anandifotokozera mosakweza mawu. Amuna awo ankavala mphete yaukwati yamkuwa, ndipo poimba ankaigunditsa dala pathupi la ng'oma. Kwaya yonse inkalowera pamenepo. Ndinachita manyazi osaneneka. Masiku atatu ndinatuluka thukuta, koma kufunsa mwini tepi funso limodzi lokha kunandikanika.

"Pepani, amayi. Mpofunika tiisewerenso kamodzi, koma mwina iduka."

Anaitenga kaseti ija, naiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapempha bolopeni yanga n'kuibweza okha ndi dzanja, pang'onopang'ono, kuti wailesi isaikoke. Anaiika okha m'wailesi. Ine ndinabwezera batani lija pamalo pake, chala china chili pa kiyibodi.

Ng'oma inayamba, ka "ke" kaja kali momwemo. Ndinadina, ndinawerenga kugunda kusanu ndi kutatu, n'kudinanso. Posakhalitsa mawu a wailesi anayamba kukokeka, kenaka zii. Titatsegula tinapeza tepi itakulungana mkati, itaduka pawiri.

Ndinadina batani lobwereza, ng'oma n'kumveka m'kiyibodi, mphete ikugunda pamalo pake. Amayi ena aja analowa onse pamodzi osauzana. Koma "tha!" wa polumikiza uja anali atabweranso, poti ndinali ndisanadule bwino, ndipo ankandilasa m'khutu. Ndinatambasula dzanja kuti ndiimitse ndikonze. Mayi uja anandigwira pamkono, misozi ili mbwembwembwe.

"Mukonza mawa, aphunzitsi. Asiyeni kaye aimbe."